Za Dotolo Wosayeza

Abale, tili ndi mlandu ndi tizipatala tating'ono ta kufupi ndi kwathu, kumene banja limayamba kuthamangira mwana akatentha thupi. Ndipo mlanduwo tiunena poyera, pakuti kung'ung'udza kuseri sikunachiritsepo munthu.

Dzinja lapitali kamtsikana ka zaka zitatu, mlongo wake wa mnyamata wa m'sukulu mwathu, kanadwala. Amake anakabereka kunka nako ku kachipatala kolipira ka pamsika, kamene sititchula dzina lake. Dotolo anagwira mwanayo pamphumi, nati, "Malungo awa, mayi," napatsa mankhwala, nalandira ndalama. Sanamlase pachala, sanamuike pasikelo, ngakhale kabuku kake ka kuchipatala sanakatsegule. Atapita masiku awiri mwana anali kupuma mothamanga, nthiti zili kulowa m'kati. Ku chipatala chachikulu anapeza kuti n'chibayo. Anachira, tiyamika Mulungu. Koma masiku awiriwo anamwa mankhwala a nthenda imene analibe, pamene nthenda yeniyeni inali kukula m'chifuwa.

Kutentha thupi si malungo nthawi zonse. Chibayo chimatenthetsa thupi, nthenda youmitsa khosi chimodzimodzi, ndi zina zambiri; ndipo dzanja la munthu, ngakhale wophunzira chotani, silingathe kuzilekanitsa pamphumi. Chifukwa chake mu 2010 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti woganiziridwa malungo ayezedwe magazi asanalandire mankhwala. Kuyezako si ntchito yaikulu: kadontho ka magazi a pachala, ndi kudikira mphindi zosapitirira 20. Chibayo nacho chili ndi muyeso wake. Mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ali phee, chimenecho n'chizindikiro. Kodi wotchi n'chinthu chosowa? Nanga sikelo? Mankhwala a LA amapatsidwa monga mwa kulemera kwa mwana: wosafika makilogalamu 15 m'bulu umodzi, wa 15 kufikira 24 iwiri, kawiri pa tsiku, masiku atatu. Wopatsa mankhwalawa osayeza mwana ali kulota, ndipo alota ndi moyo wa mwana wa mwini.

Ena adzati, "Anthu achuluka pabenchi, dotolo ndi mmodzi, zoyezera zimatha." Zoona, ndipo timvera chisoni antchito okhulupirika amene amasendeza mzere kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka osaika kanthu m'kamwa. Koma zoyezera zikatha anene kuti zatha, natumize wodwala kumene zili. Ndipo kachipatala kolipira kalibe podzikanira konse, popeza ndalama sikaiwala kuwerenga.

Tsono titembenukire kwa ife eni, pakuti mlandu wina uli pakhomo pathu. Ndani amatama dotolo wofulumira? Ndife. Ndani amabwerera ali nyonyomalo, nati "sanandithandize," chifukwa magazi aonetsa kuti malungo mulibe ndipo jakisoni sanabayidwe? Ndife ndithu, ena a ife akulu a mpingo. Wogulitsa amaphunzira chimene wogula afuna. Tikafuna jakisoni adzatigulitsa jakisoni. Ndiponso mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri timasunga mibulu yotsala m'kachitini, kuti idzathandize mkulu wake. Akulu akumbukira kolorokwini: tizilombo ta malungo tinamzolowera, ndipo mu 1993 dziko la Malawi linamsiya ndi kutenga Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinalandira LA. Kumwa mankhwala mwa theka kumathandiza tizilombo kulimba. Tikaononga awa, tidzanka kwa yani?

Sitipempha nyumba zatsopano. Tipempha kuti mwana aliyense wotentha thupi ayezedwe magazi, aikidwe pasikelo, mpweya wake uwerengedwe, ndipo zonse zilembedwe m'kabuku kake, dzina la mankhwala ndi muyeso wake, kuti dotolo wina wodzamuona mawa asayambe mumdima. Mayi asachite manyazi kufunsa, "Adokotala, mwapeza chiyani, ndipo amwe bwanji?" Kumeneko si chipongwe. Ndipo amene akhala m'komiti ya chipatala cha kwanu, pa msonkhano ukudzawu afunse ngati sikelo ili yamoyo, ndi kuti mwezi wathawu zoyezera malungo zinasowa masiku angati. Za kachipatala kolipira, funsani kuona kalata yake ya Medical Council of Malawi, bungwe limene limalembetsa madotolo ndi kumva madandaulo a odwala.