Funsani mtengo musanasambe m'manja

Pa memo palibe amachita manyazi. Ikakwana 12 koloko timakhamukira kuseri kwa maofesi ku Old Town kapena ku Limbe, ndipo tisanakhale n'komwe pabenchi timafunsa: "Mayi, ya lokolo ndi zingati lero?" Akatchula mtengo woti thumba silingakwanitse, timangoti, "Ndiye ndipatseni ya nyemba, muthireko kamsuzi ka nyama." Mayi aja amaseka, n'kuthira. Posamba m'manja timakhala tikudziwa kale ndalama imene ituluke, ndipo nsima imatsetsereka bwinobwino pakhosi.

Munthu yemweyo kamulowetseni mu lesitilanti ya magalasi, momwe woperekera zakudya wamanga tayi ndipo menyu ili m'Chingerezi chokhachokha. Pakamwa pamauma. Timaloza chakudya chomwe dzina lake sitingathe kulitchula, n'kumaopa kufunsa ngati mtengo walembedwawo ukuphatikiza VAT, kapena ngati tchipisi n'cholipira pachokha. Mantha athu ndi akuti tioneka osauka kapena achimidzi. Ine manyazi amenewa andidyera ndalama kawiri, koyamba ku Lilongwe, kachiwiri pa chilumba cha Zanzibar, ndipo ku Lilongweko anationongeranso chinzake.

Linali tsiku lobadwa la mnzathu wina wa ku koleji. Uthenga unabwera pa gulu la WhatsApp: Loweruka, 6 koloko, tikumane pakutipakuti. Tinafika anthu 9. Palibe anafunsa kuti alipire ndani. Ena ankaganiza kuti mwini tsiku watiitana ndiye zonse zili pa iye, mwini tsikuyo ankaganiza kuti anzake amusangalatsa. Ine ndinaitanitsa nkhuku ndi tchipisi. Anyamata awiri omwe amagwira ntchito ku mabungwe anaitanitsa nyama ya ng'ombe yodula ija ndi zakumwa za mitundumitundu, zija zimabwera ndi kaambulera pamwamba. Mtsikana wina, yemwe panthawiyo anali akusakabe ntchito, anangotenga masamusa awiri ndi botolo la madzi, n'kunena kuti wadya kale kunyumba.

Bilu itafika, patebulo panangoti zii. Aliyense mwadzidzidzi anapeza uthenga wofunika mu foni yake. Kenaka mmodzi wa anyamata aja anati, "Aise, tisavutike ndi masamu, tingogawana mofanana." Tonse tinagwedeza mitu. Ndinamuona mtsikana uja akutsegula kachikwama n'kutulutsa ndalama yomwe ndikukhulupirira kuti inali ya minibasi ya sabata yonse. Ndinaona, ndipo ndinakhala chete, chifukwa nanenso sindinkafuna kuoneka woumira. Patatha masiku atatu anatuluka pagulu lija osatsanzika. Mpaka lero tikakumana timapatsana moni wa patali.

Mukanati ndaphunzirapo kanthu, eti? Dikirani mumve za ku Zanzibar.

Ulendo umenewu ndinausungira miyezi yambiri kudzera m'chipereganyu cha ku ntchito. Mukudziwa nokha mmene madola akuvutira kuno, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye kandalama kalikonse ndinali nditakawerengera tsiku lake. Ndinayenda pabasi kudzera ku Karonga, kuoloka malire pa Songwe, kudutsa Mbeya mpaka ku Dar es Salaam. Kuchoka apo ndi boti, pafupifupi maola awiri, mpaka ku Stone Town, mzinda wakale wa tinjira topapatiza ndi zitseko zosemasema, womwe UNESCO inauika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa m'chaka cha 2000.

Aliyense wofika kumeneko amauzidwa kuti madzulo apite ku Forodhani Gardens, bwalo la m'mphepete mwa nyanja, moyang'anizana ndi Old Fort. Dzuwa likamalowa, ophika ovala zipewa zoyera amayala matebulo, kuyatsa nyali ndi makala, ndipo bwalo lonse limadzaza utsi wa nyama yootcha. Patebulo pamakhala nsomba zotungidwa pa timitengo, nkhanu zikuluzikulu, lobster, pweza (chamoyo cha m'nyanja cha miyendo 8 chija), chinangwa, nthochi zootcha ndi chapati. Kwa mwana wokulira usipa ndi utaka, maso amachita kuthamangathamanga.

Mnyamata wina anandilandira ndi "karibu, karibu" wa chimwemwe, n'kundipatsa mbale ya pepala. Ndinayamba kuloza: ichi, ichi, ndi icho. Iye ankangoika. Foni inali kudzanja linali, ndikujambula kavidiyo ka pa status kuti a kumudzi aone kuti mwana wawo wafika. Funso la mtengo linabwera m'mutu, koma kumbuyo kwanga kunali azungu awiri, ndiye ndinalimeza. Nditamaliza kudya, mnyamata uja anawerengetsera chimodzichimodzi, modekha, osabisa kanthu. Ndalama ya pepala yaikulu kwambiri ku Tanzania ndi ya 10,000 shillings, yofiirira, ya chithunzi cha njovu. Usiku umenewo njovu zanga zinatuluka m'thumba mondondozana ngati zikupita kukamwa madzi ku Shire. Ndalama ya chakudya cha masiku awiri inathera pa mbale imodzi, ndipo lobster yomwe inakweza biluyo sinandikomere n'komwe kuposa chambo cha ku Mangochi. Sindingamunene mnyamatayo kuti anandibera. Sindinafunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

M'mawa mwake ndinadandaulira mayi wina wogwira ntchito pa nyumba yomwe ndinkagona. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenaka anandiphunzitsa mawu awiri: "Shilingi ngapi?" Mukamvetsera bwino, ndi "zingati" wathu yemweyu. Chiswahili ndi Chichewa n'zapachibale: nkhuku ndi kuku, nyama ndi nyama, nsima amati ugali, mpunga wophika ndi wali, nsomba ndi samaki. Anandiuzanso kuti ndiziyang'ana pomwe eni dziko afola mzere, ndipo pa msika wa usiku ndizisankha chomwe chikuphikidwa ine ndikuona, chifukwa zina zoyalidwa patebulo zimakhala zophikaphika, amangozitenthetsa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadya bwino, motchipa. Cha ku msika wa Darajani ndinalawa urojo, msuzi wachikasu wowawasira womwe amaikamo mbatatesi, timandasi ta nyemba totchedwa bajia, dzira ndi tsabola. Ndinadya pilau wonunkhira zokometsera zomwe zinatchukitsa chilumbachi. Madzulo ndinabwereranso ku Forodhani, ulendo uno ndikufunsa kaye, n'kugula chomwe amati Zanzibar pizza: ufa wokanda wopyapyala, mkati nyama yogaya, anyezi ndi dzira, n'kukazinga pa chiwaya inu mukuona. Ndinatsitsira madzi a nzimbe ofinyidwa pompo, osakaniza ndi jinja ndi ndimu. Zonse pamodzi sizinafike ndi theka lomwe la bilu ya dzulo lake.

Chomwe chinandichotseratu manyazi ndinachiona ku Nungwi, kumpoto kwa chilumbachi, m'lesitilanti ya pamchenga. Pa menyu, kutsogolo kwa nsomba, panalibe nambala. Anangolemba kuti mtengo wake ndi wa pamsika wa tsikulo. Patebulo loyandikana nalo panali bambo wina wachikulire ndi akazi awo, anthu ooneka kuti ndalama si vuto. Bamboyo anapempha kuti aione nsombayo isanaphikidwe, anafunsa kulemera kwake, anafunsa mtengo wa kilogalamu, anafunsanso ngati pabilu aonjezerapo ya utumiki. Woperekera zakudya anayankha zonse mwaulemu, nkhope yake osasintha. Ine ndinangotsatira mapazi omwewo. Palibe anandiseka. Anthu ogwira ntchito m'malo odyera amamva mafunso amenewa tsiku lililonse, ndipo amene amawavutitsa kwenikweni ndi kasitomala wokangana pa bilu atadya kale.

Ndiye kaya muli ku Area 47, ku Senga Bay kapena kutsidya kwa nyanja ya mchere, pali zinthu zofunika kuzimva madzi osamba m'manja asanabwere. Funsani ngati mtengo wa pa menyu ndi womaliza, chifukwa malo ena amaonjezera msonkho ndi ya utumiki pansi pa bilu. Nsomba ikakhala yopanda mtengo wolembedwa, auzeni akupimireni ndi kukuuzani ndalama yake isanapite pamoto. Mukakhala kunja, dziwani ngati nambala akutchulayo ndi ya ndalama ya dzikolo kapena madola, ndipo muisinthe m'makwacha pa foni musanavomere. Ngati ulendo wanu wa ku Zanzibar wagwera m'mwezi wa Ramadan, kumbukirani kuti anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu: malo odyera ambiri a eni dziko amakhala otseka masana, otsegula amakhala a alendo, omwe ndi odulirapo.

Pa nkhani ya magulu, woitana anthu ndiye ayambe kulankhula. Mzere umodzi pa WhatsApp ndi wokwanira: "Aliyense adzilipirira zake," kapena "Keke ndi zakumwa zili pa ine, chakudya aliyense payekha." Amene thumba lake lili lopepuka mwezi umenewo adziwiretu, asankhe kubwera kapena kupepesa ulemu wake uli wonse. Ndipo wina akati tigawane mofanana pomwe mwaona kuti mnzanu wangodya masamusa awiri, inu amene muli ndi kangachepe ndi amene muyenera kutsegula pakamwa. Iye sangathe. Ine tsiku lija ndikanangonena kuti "ayi, aliyense alipire zomwe wadya," bwenzi pano gulu lathu likadali la anthu 9.

Sabata yatha ndinapita ndi mng'ono wanga ku lesitilanti ina mu City Centre kukasangalalira kuti wakhoza mayeso. Menyu itabwera ndinafunsa woperekera zakudya kuti, "Achimwene, chambo ichi mtengo wake ndi womwewu, kapena pali zina zobwera pansi?" Mng'ono wanga anandiponda phazi pansi pa tebulo, maso ali pansi ndi manyazi. Achimwene aja anayankha kuti VAT ili momwemo, koma mpunga ndi wapadera. Tinaitanitsa nsima.