Buluku la atsibweni ndi lumo lathu

Loweruka lapitali tinali pa ntchito yofolera nyumba ya atsibweni anga kuno kwa Jenala. Mvula yayandikira, ndipo denga lija linayamba kudontha chaka chatha. Tikutulutsa katundu kuti asagwere zinyalala, mdzukulu wawo wina anakoka sutikesi yachitsulo imene inali kunsi kwa bedi. Loko wake anadyeka ndi dzimbiri kalekale, moti atangoigwedeza inatseguka yokha.

M'katimo munali buluku lofiirira, lothina m'ntchafu koma lotambalala kumapazi ngati siketi, nsapato za zidendene zokhuthala ngati njerwa, ndi mbale za nyimbo 11, zina zitapindika ndi kutentha. Ana anafa nacho chiseko. "Agogo, zoona inuyo munkavala zimenezi?"

Atsibweni sanaseke. Anatenga bulukulo, kulikuntha fumbi, n'kundiyang'ana.

"Mphwanga, buluku ili ndi tsitsi limene ndinali nalo nthawi imeneyo zinandimetetsa mpala pamsika, anthu akuonerera."

Ndinasowa chonena. Amene amawadziwa atsibweni anga akudziwa kuti m'mudzi muno palibe wodana ndi kavalidwe ka achinyamata kuposa iwo. Mnyamata akadutsa atakhwefula, amamuitana n'kumukhazika pansi. Mtsikana akabwera kumaliro atavala thalauza, nkhani imakafika kwa amfumu. Pa misonkhano ya makolo kusukulu, iwo ndiwo amayamba kuimirira: "Aphunzitsi, kodi lumo mulibe? Nthawi yathu zimenezi kunalibe." Sutikesi ija inawaulula. Nthawi yawo zimenezi zinaliko, ndipo ozichita anali iwowo.

Tinasiya kaye udzu, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kuti atifotokozere.

Anapita ku Joni pa Wenela mu 1972 ali mnyamata wosakwatira. Anabwerako mu 1974, chaka chimene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, boma n'kuimitsa ulendo wa kumigodi. Anzawo anabwera ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera. Iwo anabwera ndi gumbagumba, mbale za nyimbo, ndi tsitsi lalikulu ngati dengu.

Achinyamata owerenga tsamba lino, gumbagumba inali choimbira mbale choyendera mabatire. Munthu akakhala nayo, Loweruka madzulo mudzi wonse unkathera pabwalo pake. Mbale za atsibweni zinali zosakaniza: Jimi Hendrix, The Beatles, Percy Sledge, ndi simanjemanje ya Mahlathini ndi Mahotella Queens. Usiku ankatchera LM Radio, wailesi ya ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, imene inkaulutsa nyimbo za rock mpaka pamene inatsekedwa mu 1975.

Nyimbozi zinali ndi gwero lake. Ku America ndi ku Ulaya kunabuka achinyamata otchedwa mahipi, amene ankasunga tsitsi lalitali, kuvala mabuluku otambalala, ndi kukana nkhondo ya ku Vietnam. Mu August 1969, achinyamata pafupifupi 400,000 anasonkhana pa chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock m'chigawo cha New York, ndipo Hendrix anaimba komweko. Iwo ankati akufuna dziko la mtendere ndi chikondi, lopanda akuluakulu owalamula kukafa ku nkhondo imene sanaiyambitse.

Ndinawafunsa atsibweni ngati ankamva Chingerezi cha m'nyimbozo. Anati ankangotola mawu awiri atatu. Koma chimene magitala aja ankanena, anachimva bwino. Kumgodi munthu ankadziwika ndi nambala. Kumudzi, usanalowe mumsika kapena kukwera basi, ankakufunsa khadi la chipani. "Tsitsi," anatero, "unali munda wokhawo umene ndinkalima ndekha."

Mundawo boma linaulanda. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act. Amayi analetsedwa kuvala thalauza ndi madilesi osaphimba mawondo pagulu. Abambo analetsedwa tsitsi lalitali ndi mabuluku otambalala kumapazi. Ngakhale alendo ochokera kunja ankauzidwa kuti mahipi saloledwa kulowa m'dziko muno, ndipo wa tsitsi lalitali ankayamba wameta pabwalo la ndege la Chileka. Nyimbo nazo zinkapimidwa ndi bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa cha dzina lokhalo, poti linkafanana ndi la Mama Cecilia Kadzamira. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999.

Atsibweni anagwidwa tsiku la msika. Anyamata anayi, ena a iwo osewera nawo mpira, anawakhazika pa njerwa n'kuwameta ndi lumo lobuntha popanda madzi. Anthu ena ankaseka, ena ankayang'ana kumbali. Mtsikana amene ankamufunsira analipo. Kuchokera tsiku limenelo buluku linalowa m'sutikesi, ndipo lakhalamo zaka pafupifupi 50.

Kungodutsa malire a ku Mchinji, zinthu zinali zina. Ku Zambia, Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pawailesi zikhale za oimba a m'dzikomo, ndipo anyamata a tsitsi lalikulu ndi mabuluku otambalala anapanga mtundu wawo wa rock umene lero umatchedwa Zamrock. Kunali gulu la WITCH la Jagari Chanda, amene dzina lakelo linachokera kwa Mick Jagger. Kunali Paul Ngozi ndi Ngozi Family, Rikki Ililonga, ndi gulu la Amanaz. Nyimbo zina ankaziimba m'Chinyanja chimene ife timachimva. Mbale zawo zasindikizidwanso kunja, ndipo WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023. Kwathu kuno luso silinasowe. Tinali ndi Daniel Kachamba, Allan Namoko, Robert Fumulani, ndi gulu la Kalimba. Koma woimba wa kuno ankayenera kuyang'ana kumbuyo asanatsegule pakamwa. Nyimbo zimene zikanaimbidwa mantha akanapanda kukhalapo, palibe adzazimve.

Tsono funso limene landisowetsa tulo sabata ino ndi ili: munthu amene anametedwa pamsika, bwanji lero amasirira nthawi yomweyo, mpaka kufuna kuti zidzukulu zake zimetedwe?

Ndinawafunsa mwaulemu. Anayankha zimene akuluakulu ambiri amayankha: kuti ADMARC inkagula mbewu pa nthawi yake, kuti kwacha inali ndi mphamvu, kuti munthu ankagona chitseko chosakhoma. Sinditsutsa zonse. Ine ndinabadwa ulamuliro umenewo uli kumapeto, ndipo sindingaphunzitse munthu za moyo umene anakhalamo yekha. Koma akuluakulu omwewo anati tsabola wakale sawawa. Zaka zikapita, ululu wa lumo umazirala, chotsala m'mutu ndi fumbi la pabwalo ndi kulira kwa gumbagumba. Chimene atsibweni akulira si lamulo la 1973. Akulira mawondo amene ankavina mpaka tambala, anzawo amene anatha onse, ndi azakhali athu amene anawavomera ukwati ngakhale anawaona ali ndi mpala wa manyazi uja.

Palinso china chowawa kuposa ukalamba. Mbadwo wawo unali ndi chiyembekezo. Pa 14 June 1993 atsibweni anadzuka m'bandakucha kukavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Chaka chomwecho lamulo la kavalidwe linathetsedwa, ndipo pa 17 May 1994 dziko linasankha mtsogoleri watsopano. Iwo ankakhulupirira kuti khadi likachoka ndi lumo likachoka, zina zonse zidzatsatira: msewu wabwino, mtengo wabwino wa nandolo, ntchito ya ana awo. Mathalauza anabweradi, akudzaza misika ya kaunjika kuyambira ku Migowi mpaka ku Chiringa. Zinazo tikudikirabe. Namondwe wa Freddy atakokolola minda ndi nyumba kuno ku Phalombe mu March 2023, atsibweni anayambanso moyo ali ndi zaka zoposa 70. Zidzukulu zawo ziwiri zokhala ndi satifiketi ya MSCE zili ku Joni, ulendo womwe uja wa 1972, koma popanda kontirakiti ndi popanda mapepala.

Munthu wokhumudwa amafuna pomenya. Ndale zili kutali, mtengo wa feteleza sungaugwire pakhosi. Chimene chili pafupi ndi buluku la mnyamata wodutsa pamsewu. Motero ufulu umene anaulakalaka ali mnyamata, lero amauimba mlandu wa zonse zimene sunabweretse.

Zimenezi si za kwa Jenala kokha. Mahipi a ku America nawo ambiri anameta, n'kulowa ntchito za m'maofesi. Hendrix anamwalira mu 1970 ali ndi zaka 27. Nkhondo ya ku Vietnam inatha, zina zinayamba. Chotsala ndi nyimbo ndi zithunzi, ndi madandaulo akuti ana a masiku ano sali ngati ife.

Ndisaloze atsibweni okha chala. Ine ndine mphunzitsi, ndipo m'kabati yanga muli lumo. Ndametapo ana pamzere wa m'mawa, anzawo akuseka, ine n'kumadziuza kuti ndikuphunzitsa mwambo. Sindinaganizepo kuti mwana amene ndam'khazika pampandoyo adzakumbukira tsikulo zaka 50 zikubwerazi, monga atsibweni akukumbukirira njerwa ija. Mu May 2023, khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta asakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Tinakambirana nkhaniyi ndi aphunzitsi anzanga, ndipo ambiri, ine ndemwe, tinati mwambo watha. Lero ndikuona kuti mawu amenewo ndi omwe ankanenedwa pamsika paja.

Musandimve molakwa. Sukulu iyenera kukhala ndi malamulo, ndipo mwana wosamvera ayenera kudzudzulidwa. Yunifolomu ili ndi ntchito yake: imabisa kusiyana kwa mwana wa wogulitsa m'sitolo ndi mwana wa waganyu. Inenso kukhwefula sindikukonda. Koma kudzudzula ndi kuchititsa manyazi ndi zinthu ziwiri. Lumo la pamsika silinawaphunzitse atsibweni ulemu. Linawaphunzitsa kubisa. Ndipo pa zaka zimene ndakhala ndikuchonga mayeso, sindinaonepo mwana amene anakhoza masamu chifukwa choti tinam'meta pagulu.

Pempho langa likupita kwa inu akuluakulu a mbadwo wa gumbagumba. Mukamatiuza za kale, tiuzeni zonse. Tiuzeni za mtengo wa shuga, komanso za khadi. Tiuzeni za ulemu, komanso za amene anatengedwa usiku osabwerera. Koposa zonse, tiuzeni kuti inunso munali anyamata ndi atsikana, kuti munavalapo zimene makolo anu ankadana nazo, ndi kuti munkalota dziko lina. Ana athu amaphunzira za nthawi imeneyo m'buku la mbiri, masamba ochepa oloweza pa mayeso. Sadziwa kuti gogo wokhala pakhondeyo ndi buku lalikulu kuposa lawolo. Mnyamata akadziwa kuti agogo ake anametedwapo chifukwa chofuna kudzisankhira, mwina adzayamba kufunsa kuti ufulu umene iye anaupeza ulipo kale augwiritse ntchito yanji, kupatula kutsitsa buluku.

Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli sutikesi ngati ija, musaitaye. Mbale za Namoko, za Kachamba ndi za Fumulani zikutha ndi chinyezi ndi chiswe, pamene eni nkhani akutha ndi maliro.

Gumbagumba ya atsibweni inagulitsidwa pa njala ya 2002, choncho mbale zija tinalibe poziimbira. Mdzukulu uja, yemwe amakalipiridwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha buluku lake, anatulutsa foni n'kufufuza dzina la pa mbale imodzi. Gitala atangolira, atsibweni anatseka maso. Kenaka anaimirira, ndodo ili m'manja, n'kuyamba kuponda pang'onopang'ono. Anayesa kuvala buluku lija koma linakanira m'chiuno. Anam'ponyera mdzukuluyo.

"Tavala tione. Koma ulikweze, limeneli silikhwefulidwa."

Linamukwana ndendende. Denga tinamaliza dzuwa litalowa.

Lolemba m'mawa, mnyamata wina wa Fomu 3 anabwera ndi kametedwe kachilendo, mizere iwiri m'mbali mwa mutu. Dzanja langa linapita lokha ku kabati. Ndinaitseka. Ndinamuitana payekha nthawi yopuma, n'kumuuza kuti malamulo a sukulu akuti chiyani ndi kuti akakonze yekha pofika Lachitatu. Lachitatu anabwera atakonza, ndipo anandipatsa moni akundiyang'ana m'maso.