Nyali ikathima pakati pa Jenda ndi Embangweni

M'miyezi ya June ndi July, dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo ku Mzimba, ndipo sipatha mphindi 30 mdima usanagwiretu. Koma ntchito sithera pomwepo. Mlonda wokagwira usiku m'sitolo za pa Boma, mlimi amene wachedwa kugulitsa tomato ndi anyezi pa Jenda, mphunzitsi wokhala kutali ndi sukulu yake, wakabaza amene wapeza kasitomala wotsika basi yochokera ku Lilongwe, onsewa amapalasa njinga mumdima. Ambiri mwa iwo amadalira nyali imodzi, ena tochi ya pafoni, ndipo ena amangodalira mwezi ndi kuudziwa msewu.

Nkhaniyi yakula m'zaka zaposachedwapa. Kuyambira mu 2022 mafuta a galimoto akhala akusowasowa m'dziko muno, ndipo ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wokwerera minibasi ndi njinga yamoto udakwera moti anthu ena amene adaiiwala njinga yakapalasa kuseri kwa nkhokwe adaipukuta fumbi. Pa nthawi yomweyo, msewu wa M1, womwe umadutsa pa Jenda, udayamba kukonzedwa ndi ndalama zochokera ku European Investment Bank ndi European Union, kuyambira pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kudzafika pa mphambano yolowera ku Mzimba. Msewu wosalala ndi dalitso, komanso umaitana liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadula mamita 22 pa sekondi iliyonse, ndipo kuti iime imafuna mtunda woposa mamita 50. Dalaivala akamuona wapanjinga ali kale pa mamita 30, ndiye kuti mabuleki afika mochedwa.

Lipoti la World Health Organisation la 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Izi si zachilendo kwa aliyense amene adagonekako m'bale wake pa chipatala cha boma cha Mzimba kapena cha mishoni ku Embangweni.

Kuuza munthu kuti agule nyali n'kosavuta, ndipo apolisi apamsewu amanena zimenezi kawirikawiri. Funso limene silifunsidwa n'lakuti: nanga nyaliyo ikathima pakati pa ulendo? Chifukwa imathimadi. Batire imatha, waya amaduka ndi kugwedezeka kwa msewu wa mabampu, madzi a mvula amalowa mkati, kachomangira ka pulasitiki kamathyoka, ndipo nthawi zina nyaliyo imangosowa njinga itaimikidwa pamsika. Amene ali m'tauni akhoza kutsika n'kukankha njinga mpaka kunyumba. Amene ali pakati pa Jenda ndi Embangweni, kapena pa njira ya ku Manyamula, kapena kumapiri a Khosolo, alibe mwayi wotero. Kutsogolo kwake kuli maenje, mchenga, milatho yopapatiza, ng'ombe zochedwa kulowa m'khola ndi ngolo zopanda chounikira chilichonse.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa posankha nyali yachiwiri. Amalowa m'sitolo, wogulitsa n'kuyatsa tochi zitatu kapena zinayi, iwo n'kusankha imene yawathobwa m'maso kwambiri. Koma ntchito ya nyali yachiwiri si kupambana yoyamba pakuwala. Ntchito yake n'kuyaka pa tsiku limene yoyambayo yakana. Choncho chinthu choyamba kuyang'ana ndi komwe imatenga mphamvu. Ngati nyali yoyamba ndi yotchaja, yachiwiri ikhale ya mabatire ogula pa okala. Ngati yoyamba ndi ya mabatire, yachiwiri ikhoza kukhala yotchaja. Nyali ziwiri zotchajira pamalo amodzi zili ngati nkhokwe ziwiri zofoleredwa ndi denga limodzi. Moto ukabuka, zonse zapita.

Mfundoyi ili ndi mphamvu yapadera ku Mzimba. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo amaunikira nyumba zawo ndi magetsi, pamene oposa theka amadalira tochi ndi nyali za mabatire. Boma la Mzimba ndi lalikulu kuposa onse m'Malawi, lili ndi anthu oposa 900,000, ndipo midzi yake ndi yotalikirana. Wapanjinga wamba amatchajitsa foni ndi tochi ku shopu yometa tsitsi kapena kwa mnansi amene ali ndi sola. Ngakhale amene ali ndi magetsi a Escom sadaiwale zimene zidachitika namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, pamene dziko lidataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuthimathima kwa magetsi kudatha chaka chathunthu. Sola nayo imafooka kukachita mitambo masiku angapo motsatizana. Mabatire awiri a Tiger Head, ngakhale si amphamvu kwenikweni, amapezeka pafupifupi pa okala iliyonse kuchokera ku Luwerezi mpaka ku Edingeni, ndipo salira magetsi.

Tochi yaing'ono ya LED yolowa mabatire a AA awiri, kapena a AAA atatu, ndiyo ikuoneka yoyenera anthu ambiri. Kuwala kwake n'kokwanira munthu woyenda pang'onopang'ono, imalowa m'thumba, ndipo imamangika pahandulo ndi legeni wodulidwa ku chubu chakale, amene amagwira bwino kuposa tizomangira tambiri ta m'sitolo. Vuto lake n'lakuti mabatire otsika mtengo amatuluka madzi akakhalitsa mkati, n'kudya zitsulo za tochiyo. Mankhwala ake n'kusunga mabatirewo padera m'kapepala ka pulasitiki, kapena kuika kachidutswa ka pepala pakati pa batire ndi chitsulo, kuti tochi isadziyatse yokha m'chikwama. M'nyengo yachisanu, imene ku Mzimba siseweretsa, batire yozizira imapereka mphamvu yochepa, choncho m'thumba la jekete ndi malo abwino kuposa pakeliyala.

Tochi yovala pamphumi ili ndi ubwino wake: imaunika komwe munthu wayang'ana, ndipo tayala likaphulika manja onse awiri amakhala omasuka pomata chubu. Kuipa kwake n'kwakuti wapanjinga akadzutsa mutu kuyang'ana galimoto yobwera, amamuthobwa dalaivala. Nyali iliyonse yakutsogolo iyenera kuloza pansi, mamita ochepa patsogolo pa tayala, osati m'maso mwa anthu.

Nanga dainamo, imene makolo athu ankayendera pa njinga za Raleigh ndi Humber? Ndi chipangizo chanzeru, chopereka mavoti 6 ndi mawati 3 popanda kugula batire ngakhale imodzi. Dziko la Germany linkakakamiza njinga zambiri kukhala ndi dainamo mpaka mu 2013, pamene lidaloleza nyali za mabatire. Koma dainamo yokhuza tayala imaterereka m'matope, imalemeretsa kupalasa, ndipo kuwala kwake kumachepa pokwera chitunda n'kuthimiratu munthu akaima. Ikhoza kukhala nyali yoyamba yabwino kwa amene angaipeze, bola pakhale tochi ina m'thumba.

Foni ndiyo siyenera kuwerengedwa n'komwe. Kuwala kwake kumamwazika, sikufika patali, ndipo woigwira amayendetsa njinga ndi dzanja limodzi. Choopsa kwambiri n'chakuti imathera batire pa nthawi imene munthu angafune kuimbira abale kuti wagwa.

Pali bodza limene ladzaza m'misika yathu, ndipo ogula ayenera kulidziwa. Tochi zambiri zotchaja zimagwiritsa ntchito batire yotchedwa 18650. Makampani odziwika amene amapanga batire ya msinkhu umenewu amalekezera cha m'ma 3,500 mAh. Choncho batire yolembedwa 8,800 kapena 9,900 mAh ikunama poyera, ndipo kawirikawiri mphamvu yake yeniyeni siifika ngakhale ya batire wamba. N'chimodzimodzinso manambala a kuwala olembedwa pa makatoni. Kwa wogula, muyeso woona ndi wotchi: ayatse tochiyo kunyumba, aone kuti itenga maola angati isanayambe kufiira. Ulendo wa makilomita 30 pa liwiro la makilomita 12 pa ola ndi maola awiri ndi theka. Tochi imene yafooka patangotha ola limodzi ndi yopitira kuchimbudzi usiku, osati ya paulendo. Mabanja ambiri ku Mzimba ali ndi wina wake ku Joni amene amatumiza mafoni, zofunda ndi mawailesi pa mathiransipota. Nyali ya njinga yochokera m'sitolo yodalirika ku Johannesburg ndi katundu wopepuka kuposa zonsezi, kungoti sitiganiza zoiitanitsa.

Zonse tanenazi ndi za kuona njira. Koma pa M1 chimene chimapha si kulephera kuona, koma kusaoneka. Galimoto yochokera kumbuyo siona tochi yoloza kutsogolo. Pangano la mayiko la zapamsewu limene lidasainidwa ku Vienna mu 1968 limati njinga ikhale ndi buleki, belu, nyali yoyera kapena yachikasu kutsogolo, nyali yofiira kumbuyo, ndi chonyezimira chofiira kumbuyo komweko. Ubwino wokhala ndi zinthu ziwiri kumbuyo n'ngwakuti china chikafa china chimatsala. Munthu amene ndalama zake zikukwanira chinthu chimodzi chokha, ndipo amayenda mumsewu wa tala, angachite bwino kuyamba ndi kanyali kofiira. Kamadya batire pang'ono kwambiri kuyerekeza ndi nyali yakutsogolo, makamaka kakamaphethira, ngakhale kuti kuphethirako kumamuvuta dalaivala kuyeza mtunda, n'chifukwa chake ku Germany saloleza nyali yophethira yomangidwa panjinga.

Ndipo malo omangapo ndi nkhani. Nyali zambiri zofiira zidapangidwira njinga za ku Ulaya, zomangidwa pansi pa chishalo. Panjinga ya kabaza malo amenewo amabisika ndi khushoni ndi miyendo ya wokwera. Panjinga ya mlimi amabisika ndi thumba la chimanga kapena la makala. Kanyaliko kayenera kupita kumapeto kwenikweni kwa keliyala kapena pa madigadi, ndipo katundu akatuluka m'mbali, kansalu konyezimira kamangidwe pa katunduyo. Chonyezimira chilibe batire, sichitha, ndipo mbala siichifuna. Tepi yonyezimira yomata pa madigadi ndi pa mapedulo imathandiza kwambiri chifukwa kukwera ndi kutsika kwa mapazi kumamuuza dalaivala msanga kuti kutsogoloku kuli munthu wopalasa. Malire ake n'ngakuti chimangogwira ntchito pamene nyali ya galimoto yachiwomba. Ngolo kapena njinga ina yopanda nyali sichiona.

Pali mbali imene wapanjinga sangaikonze yekha. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woyang'ana katundu wolowa m'dziko, ndipo batire yolembedwa zabodza ndi katundu wachinyengo ngati sikelo yobera mlimi. Apolisi akagwira njinga yopanda nyali pa rodibuloko ya pa Jenda, chindapusa chimadya ndalama imene munthuyo akadagulira nyaliyo; kumulamula kuti abwere ataimanga kungapindule kwambiri. Khonsolo ya M'mbelwa imatolera misonkho m'misika momwe akabaza amaimika njinga zawo, ndipo akabazawo ali kale ndi magulu awo pa siteji iliyonse, okhala ndi wapampando ndi msungichuma. Magulu oterewa akhoza kusonkha n'kugula tinyali tofiira ndi tepi yonyezimira mopikulitsa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, pa mtengo wotsika kuposa wa mmodzimmodzi, n'kuika lamulo lakuti wopanda nyali ziwiri asanyamule munthu ikakwana 6 koloko madzulo. Wokwera naye ali ndi mawu, poti msana umene wayang'ana galimoto yochokera kumbuyo ndi wake: asanakhale pakhushoni, auze wakabazayo ayatse nyali yakumbuyo aione.