Za m'Makomboni: Mkazi wa Lupanga ku Mandevu

Makolo ambiri a kumidzi akudandaula ndi zithunzithunzi za nkhondo za ku China. Mwana akabwera kudzaceza kucokera ku Mandevu, mu Lusaka, m'foni mwace muli mkazi wogwira lupanga, wolumpha madenga ndi kugwetsa amuna khumi. Agogo amagwira pakamwa, nanena kuti mtsikana woonerera zotere sadzamvera mwambo ndipo sadzakhalitsa pa banja. Nkhawa imeneyi si yoseka nayo, koma oweruza ambiri sanakhale pansi kumva cimene mkaziyo akumenyera.

Anthu amati dzina la Mandevu linacokera ku ndevu zazitali za amuna a mpingo wa Apostoli ocokera ku Southern Rhodesia. Komatu m'komboni ya ndevu imeneyi ana anayamba kale kuombera m'manja akazi a malupanga, m'masiku a tinyumba toonetseramo mavidiyo.

Ena amayesa kuti zithunzizi zinabwera ndi anthu a ku China amene anamanga njanji ya TAZARA kuyambira 1970 kufikira 1975. Iai. Masiku amenewo boma la ku Peking silinali kulola zithunzi zotere. Zinali kupangidwa ku Hong Kong ndi ku Taiwan. Ngakhale kale, mu 1931, boma la China linaziletsa poopa kuti zikuphunzitsa anthu zamatsenga. Dandaulo la agogo ndi lakale ndithu.

Cithunzi cochuka ca mtundu umenewu ndico Come Drink with Me, cimene King Hu anakonza mu 1966 ku kampani ya Shaw Brothers. M'menemo zigawenga zagwira mwana wamwamuna wa bwanamkubwa wa cigawo, ndipo zikufuna kuti mtsogoleri wao amasulidwe m'ndende. Amene akupita kukamuombola ndi mlongo wace, Golden Swallow, atabvala ngati mwamuna. Akulowa yekha m'nyumba ya alendo yodzaza adani, nakhala pansi mwaulemu, osayamba ndewu kufikira iwo atamputa. Pambuyo pace akulasidwa ndi kamubvi ka ululu, ndipo amene akumciritsa ndi wopemphapempha woledzera amene aliyense anali kumnyoza. Kodi pali kholo ku Petauke kapena ku Katete limene lingakane mwana wamkazi wotaya moyo wace cifukwa ca mlongo wace?

Coopsa ceniceni cili pena. Ana amakhulupirira kuti kuuluka kuja ndi kwa mankhwala kapena kulimba mtima, natenga cikwanje ndi kulumpha pamwamba pa nkhokwe. Auzidwe coona: osewera amamangidwa mawaya m'ciuno, ndipo kulumpha kumodzi kumajambulidwa kangapo ndi kulumikizidwa. Cheng Pei-pei, amene anasewera Golden Swallow, sanali wankhondo konse. Anaphunzira zaka zingapo gule wa ku Ulaya wochedwa ballet, ndipo kupepuka kwa miyendo yace ndiko kunamcititsa kuoneka ngati katswiri wa lupanga.

Mu 2000, ali ndi zaka 54, mai ameneyu anaonekanso mu Crouching Tiger, Hidden Dragon, pamodzi ndi Michelle Yeoh ndi Zhang Ziyi. Ulendo uno anali nkhalamba yoipa mtima, yopha anthu ndi ululu. Cithunzico cinalandira mphoto zinai za Oscar mu 2001. Cheng Pei-pei anamwalira mu July 2024, ali ndi zaka 78.