Kutseka laputopu si kuizimitsa

Mu September 2024, madzi atacepa ku Kariba, ZESCO inayamba kuzimitsa malaiti maola 17 pa tsiku. Tinazolowela mbaula, tinazolowela kudzuka pakati pa usiku kuchaja mafoni. Koma cizolowezi cimodzi sitinacisinthe, kuyambila ku Mfuwe mpaka kwa Jumbe. Tikatopa, tingotseka laputopu n'kuiponya m'cola, mtima uli m'malo kuti yazima.

Siinazime. Yagona cabe, cimene Windows imacicha Sleep. Zonse zimene munali kucita, kaya ndi mawu a mlimi amene munajambula kwa Msoro kapena lipoti la sukulu, zikali mu RAM, ndipo RAM imakumbukila pokhapo ngati ilandila moto. Batili ndiye imaipatsa motowo pang'onopang'ono. Batili ikatha, RAM imaiwala zonse zimene simunasunge.

Amene anakonza zimenezi anali kuganizila munthu wa batili yatsopano ndi soketi yamoto pafupi. Ife malaputopu athu ambili ndi ogwilapo kale nchito, ndipo kutentha kwa mu October muno m'cigwa kumamaliza mabatili msanga. Windows ili nayo njila yodzipulumutsa: ikaona kuti batili yatsala pang'ono, imathamangila kusunga nchito yanu. Koma batili yokalamba imanama. Ionetsa kuti motowo ukalipo, kenako izima mwadzidzidzi, mpata wosunga palibe. Ife a pa wailesi tidziwa tanthauzo lake. Cilengezo ca njovu zimene zalowa m'minda, kapena ca tsiku lolandila feteleza, sicingadikile mawa kuti ticikonzenso.

Njila yabwino ilipo, dzina lake Hibernate. Apa kompyuta imatenga zonse za mu RAM n'kuzilemba pa disiki, mu fayilo yochedwa hiberfil.sys, kenako izimilatu. Siidya moto ngakhale pang'ono. Mungacotse batili, mungaisiye mlungu wathunthu, mukadzayatsa mudzapeza zonse pamene munalekela. Imacedwako kudzuka, inde. Masekondi amenewo ndi otsika mtengo kuposa kubwelela kwa Msoro pa njinga kukapempha agogo kuti abwelezenso zimene ananena.

Cokwiyitsa n'cakuti mu Windows 10 ndi 11 batani la Hibernate silioneka pamene pali Shut down ndi Sleep. Mufunika kulifukula nokha: Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, Change settings that are currently unavailable, ndiyeno mucongeko pa Hibernate. Pamalo omwewo mungauze makina kuti mukatseka laputopu izicita Hibernate m'malo mogona. Nchito ya mphindi ziwili, koma ndi angati anauzidwa pa kosi ya kompyuta? Amatiphunzitsa kukongoletsa zilembo mu Word.

Ndiye palinso anzathu okonza makompyuta. Mwini laputopu akadandaula kuti disiki yadzala, ena amathamangila kuzimitsa Hibernate cifukwa fayilo ija imadya magigabaiti angapo. Malo apezeka, mwini asangalala, alipila. Sanauzidwe kuti cimene cacotsedwa ndico cinali kumuteteza batili ikatha. Abale, yambani mwacotsa mafilimu. Ngati zinacitika kale pa makina anu, lamulo lakuti powercfg /hibernate on, lolembedwa mu Command Prompt yotsegulidwa monga administrator, limaibwezela.

Ena adzati, bwanji osangokanikiza Shut down? Citani zimenezo ngati mwamaliza nchito. Koma amene ali pakati podula mawu a pulogalamu, mawindo asanu ali otsegula, malaiti n'kupita, alibe nthawi yotseka cimodzicimodzi. Hibernate siilowa m'malo mwa Ctrl ndi S, sungani ndithu. Cimene tikana n'cakuti sukulu, cipatala kapena ofesi ya m'cigwa muno ilandile makompyuta n'kuwasiya monga anacokela ku fakitale, ngati kuti Mambwe ndi London. Amene wawabweletsa asinthe zimenezi asanakwele motoka yobwelela ku Chipata.