Maloto a ku Gweru adatha, tsono alote ndani?

Aliyense amene adakula m'nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira za maloto a ku Gweru. Pamsonkhano uliwonse tinkauzidwa kuti Dr Kamuzu Banda ali m'ndende ku Gwelo, m'dziko la Southern Rhodesia, kuyambira mu 1959 mpaka 1960, adalota zinthu zitatu: yunivesite, msewu wa m'mbali mwa nyanja ndi likulu latsopano ku Lilongwe. Abambo tinkaomba m'manja, amayi n'kumalulutira. Panalibe wofunsa kuti nanga inu a ku Kawale, usiku wapitawu mwalotako zotani? Masiku amenewo kulota za tsogolo la dziko inali ntchito ya munthu mmodzi, ndipo woyerekeza kulota zosiyana ankadzidzimukira ku Mikuyu.

Loto la likulu lidakwaniritsidwa ndithu, izi sitingatsutse. Angerezi atakana kupereka ndalama, boma lidatembenukira ku South Africa wa tsankho, amene tidamanga naye ubale wa ukazembe mu 1967. Ngongole idachokera kumeneko, ojambula mapulani adachokeranso komweko, ndipo mu 1968 kudakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation loti limange mzindawo. Mu 1975 Lilongwe adalanda ulikulu kwa Zomba.

Papepala udali mzinda wa m'tsogolo weniweni. Misewu yotakata, maofesi pa Capital Hill, mitengo mbali zonse, nkhalango pakati pa Old Town ndi City Centre. Koma taonani amene ojambulawo ankamuganizira: munthu wa galimoto. Bwana wa ku Area 10, Area 12 kapena Area 43 adapatsidwa bwalo loti mkati mwake mutha kulimamo chimanga cha chaka chonse. Womuphikira, womulondera ndi womuchapira adasowa pogona papepalapo, nakadzimangira okha ku Kauma, ku Mtandire, ku Mgona ndi ku Chinsapo. Ngakhale maina adasowa. Malo okhala anthu adangopatsidwa manambala ngati akaidi, manambalanso ake osatsatana, mwakuti mlendo amadabwa kupeza Area 10 itagundana ndi Area 43.

Mu 1966 tauni ya Lilongwe idali ndi anthu osakwana 20,000. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu 989,318. Ambiri mwa anthu amenewa akukhala mu mzinda umene sudawalote.

Ofuna kuona loto la anthu wamba apite ku msika wa Lilongwe. City Centre ikamakwana 6 koloko madzulo imakhala zii ngati kumanda, pamene ku msika, ku depoti ndi mumsewu wa Malangalanga munthu amachita kupempha njira. Kumeneko kuli amisiri osula mbaula ndi zidebe kuchokera ku malata otayidwa, anyamata otsegula foni yakufa n'kuiukitsa, amayi odziwa mtengo wa tomato wa ku Ntcheu dzuwa lisanatuluke. Kwa zaka zambiri anthu akhala akukhoma okha milatho ya mitengo pa mtsinje wa Lilongwe yolumikiza msika wa Tsoka ndi wa Lizulu, wowoloka n'kumalipira kangachepe. Madzi akakokolola, amakhomanso ina. Milatho imeneyo simudzaipeza pa pulani ya mu 1968.

Nkhani yanga lero ndi ya ana a anthu amenewa, a zaka 9 mpaka 12, amene ali m'ma Sitandade 4 mpaka 7. Ndikunena kuti ana amenewa tiwalembere nthano za Lilongwe wa m'tsogolo, nthano zopeka koma zoyenda ndi nzeru za sayansi, ndipo tizilembe m'Chichewa. Wina aseka kuti nyuzipepala yasowa nkhani. Asaseke msanga.

Mu Januwale 2021 boma lidakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, ndipo imodzi mwa nsanamira zake ndi kukula kwa mizinda. Tonse tikukumbukanso Vision 2020 ya mu 1998, imene idatilonjeza kuti pofika 2020 tidzakhala dziko lopezako bwino. Chakacho chidafika, chidatipeza tili pamzere wa makuponi a feteleza. Ambiri mwa amene akulankhula za 2063 pamisonkhano ya m'mahotela sadzachiona chakacho. Amene adzachione ndi mwana amene ali mu Sitandade 5 lero, ndipo panthawiyo adzakhala akuyandikira zaka 50. Ndiye adzakhale khansala, injiniya wa madzi, wapampando wa msika, kapena wovota chabe. Kodi mwana ameneyu alipo amene adamufunsapo kuti mzinda wake akufuna udzaoneke bwanji? Ngati sadazolowere ali wamng'ono kuganiza kuti mzinda ukhoza kukhala mwa mtundu wina, adzakula ngati mmene tidakulira ife, kudikira kuti wina alote kuti iye aombe m'manja.

Inu amene mudabwerera kumudzi chikhululukiro cha mu 1993 chitalengezedwa, makamaka ochokera ku Harare, mwina mudalionako buku la Nancy Farmer lotchedwa The Ear, the Eye and the Arm, limene lidatuluka mu 1994. Ndi la ana a msinkhu womwewu, ndipo nkhani yake ikuchitika mu Harare m'chaka cha 2194. Ana atatu a mkulu wa chitetezo akulira mkati mwa mpanda, akutumikiridwa ndi maloboti (osati a pamsewu aja, koma makina oyenda ndi kugwira ntchito ngati anthu). Tsiku lina atuluka kuti akaone mzinda wawo, afika pa Mbare Musika, agwidwa ndi achifwamba, n'kukapezeka akukumba mapulasitiki akale kudzala limodzi ndi amphawi. Werengani bukuli muli ku Area 43 ndipo muone ngati simutembenuka kuyang'ana mpanda wanu. Nthano ya m'tsogolo yolembedwa bwino imakamba za lero, kungoti yavala chigoba ngati Gule, ndiye imanena zimene munthu wopanda chigoba amaopa kunena. Nchifukwa chake maboma ankhanza sakondwera ndi olemba nkhani zopeka. Lamulo lathu lounika mabuku ndi zisudzo lidabwera mu 1968, chaka chomwe ankajambula likulu.

Sikuti Amalawi sitingathe. Shadreck Chikoti adalemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo idapata mphotho ya Peer Gynt mu 2013. Mu 2015 kudatuluka Imagine Africa 500, buku la nkhani zifupizifupi za m'tsogolo, momwe muli Amalawi monga Muthi Nhlema. Tiwavulire chipewa. Koma mabuku amenewa ndi a m'Chingerezi, ndiponso ndi a akuluakulu. Imani pa ogulitsa mabuku oyala pansi mu Old Town: mupeza mapepala a mayeso akale, mabuku a mapemphero ndi manovelo a kaunjika ofotokoza za New York ndi London. Funsani kabuku ka m'Chichewa kokamba za Mchesi wa m'chaka cha 2075, Lilongwe akukwanitsa zaka 100 ali likulu, muone mmene akuyang'anireni.

Ana athu sikuti za m'tsogolo sakuziona. Amaziona m'mavidiyo sho ndi pa foni, ndipo filimu ya Black Panther ya mu 2018 idawasangalatsa zedi. Koma mzinda umene amauona kumeneko ndi wa eni ake. Phunziro limene mwana amatolapo ndi lakuti tsogolo lili kutsidya kwa nyanja ndipo njira yake ndi pasipoti.

Makolo ena akuti nkhani zotere ndi zabodza, zidzasokoneza ana. Chabwino, nanga Kalulu uja adayamba liti kuyankhula? Timawauza ana za Kalulu ndi Njovu osaopa kuti asokonezeka. Timawauzanso, ndipo apa ndiye pondiwawa, za ndege za lichero zopita ku Joni usiku umodzi, mwana n'kukula akuopa agogo ake. Ndege ya lichero safunsa kuti imayendera mafuta anji, wofunsa amamuyesa mfiti mnzawo. Nthano ya sayansi ndiye imakakamiza funso limenelo. Wolemba akati minibasi za mu 2075 zikuuluka kuchoka pa depoti kupita ku Area 25, mwana wa zaka 11 amugwira pakhosi: mphamvu yake ikuchokera kuti, magetsi akazima zimagwa, kondakitala akadalipo? Mwana wofunsa choncho ndi amene mawa adzafunse khansala kuti ndalama za chiphaso cha mumsika zikupita kuti.

Ena akuti ana alibe ndi mabuku a m'kalasi omwe, za nthano zidikire. Umphawi wa m'sukulu zathu ndi woona, ndipo chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi adadzaza kuposa mabuku. Koma kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, adapeza mu laibulale yaing'ono buku lotchedwa Using Energy. Silidali nthano, lidali buku la sayansi, ndipo Chingerezi chake chinkamuvuta. Chidamukoka ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo, chinthu chimene kwawo kudalibe. Adachimanga ndi zitsulo zotola kudzala, anthu akumunena kuti wachita misala. Adayamba waona kaye m'mutu chimene kulibe, masamu adabwera pambuyo. Ndi ana angati a ku Biwi ndi ku Area 23 amene chithunzi chotere chikuwaphonya chifukwa chatsekeredwa m'chiyankhulo chimene sadachigwire bwino?

Kwa olemba athu, a bungwe la Malawi Writers Union ndi ena onse, pempho langa ndi lakuti musatikopere Dubai. Nyumba zagalasi zofika kumitambo n'zosavuta kulemba, ndipo ndi loto lomwe lija la mu 1968, lochotsa wosauka papepala kuti mzinda uoneke waukhondo. Yambirani pa msika. Kodi mu 2075 msikawo ulipo, kapena adaugwetsa? Adaugwetsa ndani, ndipo mavenda adavomera? Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, ikatha ndi makala, madzi a mumzinda akugawa ndani, ndipo akuyambira ku Area 10 kapena ku Mtandire? Ana a mu Lilongwe sadaiwale kuti mu Januwale 2023 sukulu zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Mtsikana wa m'nthano amene wapeza njira yoyeretsera madzi a mtsinjewo ndi zipangizo za pa msika adzamumva msanga kuposa munthu wouluka ndi nsalu kumsana. Ndipo nthanoyo ikhale yokoma, yoseketsa, yoopsa pena. Mukaisandutsa ulaliki ana aitaya pa tsamba lachitatu.

Boma lisalembe nawo nthanozi, chonde. Tidatopa ndi mabuku otamanda atsogoleri. Mbali yake ndi kugula mabuku kudzera ku National Library Service n'kuwafikitsa m'sukulu, osasankha kuti uyu walota mokomera chipani. Osindikiza nawo aganizire thumba la mayi wogulitsa mandasi: timabuku ta masamba 30 kapena 40, ta zithunzi, pa pepala la nyuzipepala, pa mtengo wosaposa wa buledi. Ndipo asakatitsekere m'mashopu a ku City Centre ayi. Akatipereke kwa anyamata oyala mabuku pansi aja, pafupi ndi depoti, pamene mayi amadutsa akaweruka ku msika.