Ndeke Ikagwa, Tifunse Catsitsa Dzaye

Ndeke yaing'ono ikagwa pa bwalo la kumudzi, mlandu wake umaweruzidwa tsiku lomwelo pansi pa mtengo. Ena amati woyendetsa anali atalawako, ena amati munakwera munthu wokhwima, ndipo ena amangoti tsoka silinunkha. Pofika madzulo nkhani yatha, zidutswa za ndekeyo zalowa kale m'nyumba za anthu. Ine ndikuti mcitidwe umenewu ndi woipa, cifukwa umabisa cimene cinagwetsa ndekeyo, ndipo cobisikaco cimatsala pa bwalo pomwepo kudikira ndeke ina. Tisaiwale kuti ndeke zotera pa mabwalo athu a fumbi kawirikawiri zimadzatenga odwala, monga zija za Flying Doctor Service imene inayamba m'caka ca 1965.

Tiyambe taona cifukwa cake kutera kuli kobvuta. Ndeke imakhala m'mwamba cifukwa ca mphepo yodutsa pa mapiko ake pamene ikuthamanga. Potera, woyendetsa ayenera kucepetsa liwiro. Akacepetsa mopitirira muyeso, mapiko amaleka kunyamula ndipo ndeke imagwa ngati dzungu. Akabwera ndi liwiro lambiri, imanjanja ngati mpira, kapena bwalo limamuthera asanaime. Pakati pa ziwirizi mpata ndi wocepa. Ndiponso, ngakhale tikuti yacepetsa liwiro, ndeke ya anthu asanu ndi mmodzi imagunda pansi ikuthamanga makilomita pafupifupi 100 pa ola, itangodalira mawilo atatu.

Pa liwiro lotere kanthu kakang'ono kamakula. Mphepo yoomba cam'mbali imakankhira ndeke kunja kwa bwalo. Ndiyo nchito ya nsalu yonga thumba ija imapacikidwa pa mlongoti: imauza woyendetsa kumene mphepo ikucokera, ndipo munthu woidula nsaluyo wamukolowola maso. M'dzinja matope amagwira wilo limodzi, ndeke n'kuzungulira mwadzidzidzi mpaka phiko kukhudza pansi. Mu October, ku cigwa ca Luangwa, mpweya wotentha umapepuka, motero ndeke imafuna mtunda wautali kuti iime. Nanga culu comera m'udzu, nanga ng'ombe kapena mwana wodutsa pa bwalo? Woyendetsa akaona zimenezi ali pafupi ndi pansi, amayesa kukweranso pamene liwiro lacepa kale, ndipo apa mpamene ambiri imawapulumuka m'manja.

Makolo anati umanena catsitsa dzaye kuti njobvu ithyoke mnyanga. Iyi ndiyo nchito ya ofufuza ngozi za ndeke. Pangano la maiko lokhudza maulendo a ndeke, limene linayambira ku Chicago m'caka ca 1944 ndipo Zambia alimo, likuti colinga ca kufufuzako ndi kupewa ngozi ina. Sabwera kudzagwira munthu. Lipoti loyamba liyenera kutuluka m'masiku 30, ndipo lomaliza, ngati n'kotheka, caka cisanathe.

Ndeke zikuluzikulu zimanyamula makina osunga mau a oyendetsa ndi mayendedwe onse a ndeke, koma zing'onozing'ono zambiri zilibe. Pa 10 June 2024, ndeke ya Dornier 228 ya asilikali a Malawi inalephera kutera ku Mzuzu cifukwa ca nyengo yoipa, ndipo inakagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anafa anthu 9, mmodzi wa iwo Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dzikolo, a Saulos Chilima. Akatswiri ocokera ku Germany anapeza kuti makina aja munalibe. Anadalira zotsala za ndekeyo ndi kacipangizo ka GPS kamene kanasunga njira imene inayenda.

Ciphunzitso cake n'cakuti umboni uli pansi, ndipo ofufuza amaulondola monga mlenje alondola mapazi a nyama. Mikwasa ya mawilo imasonyeza pamene ndeke inayamba kugunda ndi pamene inapatuka. Kapindikidwe ka cipupa ca kutsogolo kamaulula ngati injini inali kulira kapena inali itazima. Mafuta otsala m'thanki amaonetsa ngati munalowa madzi. Zonsezi khamu la anthu likhoza kuzifafaniza ndi mapazi ola limodzi lisanathe. Munthu wogulula kacitsulo kuti akapangire mpeni sadziwa kuti mwina m'kacitsulo komweko ndimo munali yankho.

Sindikunena kuti tiziyang'anira anthu akubuula. Coyamba ndi kupulumutsa moyo: tulutsani obvulala, acotseni kutali, ndipo pasapezeke woyatsa fodya, pakuti mafuta a ndeke sacedwa kuyaka. Zikatero a mfumu aike anyamata olonda malowo, atume mthenga kupolisi, ndipo amene anaona ndeke ikubwera asunge m'mutu zimene anaona ndi maso ao, osasakaniza ndi za m'maluwa.

Koma nao ofufuza ali ndi ngongole kwa anthu a kumidzi, ndipo mbiri ya dziko lino ikucitira umboni. Usiku wa pa 17 September 1961, ndeke yonyamula Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkulu wa United Nations, inagwa m'chire pafupi ndi Ndola ikukonzekera kutera. Iyo inali yaikulu, ya mainjini anai, ndipo anthu onse 16 anatha. Ootcha makala ndi anthu ena akuda ananena kuti anaona ndeke yaciwiri ndi moto m'mlengalenga. Bungwe lofufuza la boma la Citaganya, m'caka ca 1962, silinasamale mau ao, ndipo linaika colakwa pa oyendetsa. Ena mwa ootcha makalawo anamangidwa cifukwa cotenga katundu pa malo a ngoziyo, ndipo zimenezi zinapeputsanso umboni wao. M'caka ca 2015 United Nations inatsegulanso nkhaniyo pansi pa woweruza Mohamed Chande Othman wa ku Tanzania, amene anaona kuti mboni zija zinayenera kumvedwa bwino. Pamenepo n'kuti zaka 54 zitapita ndipo mboni zambiri zili m'manda.

Motero pempho langa kwa ofufuza athu ndi ili: pofika kumudzi bwerani ndi womasulira, khalani pa mphasa, mufunse mai amene anali m'dimba ndi mnyamata amene anali kubusa. Mwina sadziwa maina a zitsulo, koma adziwa kumene mphepo inali kuombera ndiponso ngati injini inatsokomola. Ndipo lipoti likatuluka lisathere m'kabati ku Lusaka m'Cingelezi. Liwerengedwe m'Cinyanja pa wailesi ndi pa bwalo la a mfumu, kuti ngati cinagwetsa ndeke cinali culu kapena ng'ombe, anthu atenge makasu akasalaze culuco ndi kupatutsa njira ya ziweto ndeke ya odwala isanabwerenso.